Ndinati zikomo, boti linapita

Anandilanda boti. Boti la matabwa la abambo anga, pamodzi ndi injini yake, nkhafi ziwiri ndi nangula yemwe abambo anapanga okha ndi chitsulo chotola kunjanji ku Chipoka. Palibe anandimenya. Palibe anabwera ndi chikwanje. Ndinalipereka ndekha masanasana, pakhonde, anthu akumwa tiyi.

Ndalemba izi m'kope chifukwa ndikayamba kulankhula mumaseka, ana inu. Mumaseka poti mumanditcha agogo chonsecho ndili ndi zaka 27 ndipo ndevu zanga mutha kuziwerenga. Sindinachite dala. Amayi anandibereka mochedwa, achemwali anga aakulu atabereka kale mayi wanu. Ndinabadwa ndili malume wa munthu wondiposa msinkhu, ndipo iwe Tadala utabadwa ndinasanduka agogo ndikadali kupulayimale, kabudula atang'ambika kumbuyo. Sekani, koma muwerenge. Yohane, iwe uwerenge mokweza kuti lilime liwongoke, aphunzitsi ako akuti ukamawerenga kalasi yonse imasinza. Esime wina amuwerengere, koma adumphe za mowa.

Makamaka ndikulembera iwe Tadala. Ndamva kuti Lolemba ukufuna kukayamba ntchito yoperekera zakudya kuloji kuja, sukulu uisiyire pa Fomu 2, chifukwa fizi yavuta ndipo bambo ako chipitireni ku Joni foni yawo sigwira. Chimvereni zimenezi ndikuopa. Ndikakwera njinga miyendo imalemera ngati ndanyamula matumba awiri a mpunga. Ine ndinasiyira pa Fomu 2 pomwepo, ndipo ndinakalowa pageti lomwelo.

Kale langa si lakale kwenikweni, koma zambiri zomwe ndinaona inu simudzaziona. Pamene pali mpanda wa loji paja panali matandala athu oyanikapo usipa. Amayi ankachapa pomwepo, ife tinkasambira pomwepo, ng'ombe za kumtunda zinkamwera chapansi pake. Munthu unkachoka pakhomo n'kulunjika kumadzi osafunsa aliyense. Lero mpanda unalowa mpaka m'madzi olekeza m'chiuno, ndipo inu mumazungulira mtunda wonse uja kukasamba pamatope. Mumaona ngati zinalengedwa choncho.

Abambo ankakonza boti mu Malichi, poyembekezera kuti pachilumba cha Mbenji atsegule usodzi. Ankaligudubuza pamchenga, kusungunula phula m'chitini, n'kumakhomera nsanza m'ming'alu ndi tchizulo chobuntha. Ntchito yanga inali kung'amba nsanzazo. Malaya anga oyamba a sukulu anathera m'boti limenelo, ndi chitenje chomwe amayi anavala pa ukwati wawo. Ndiye ndikamati boti la abambo musamaganize matabwa okha. Nyali zake zinali za parafini, zopopa, zokhala ndi kansalu koyaka kamene kankaphwanyika ukangokapumira. Ndinamenyedwa kawiri chifukwa cha kansalu kameneko. Masiku ano asodzi amangomangirira mababu pabatire, Yohane ndiye amati nyali zija zinali za anthu osazindikira. Iwe uziyatse kaye, tione.

Ku Mbenji ananditengako kamodzi ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kumeneko mowa suloledwa, ndiye abambo ankakhala munthu wina, woseka, wonenepa masaya. Tinkaotcha utaka pamakala n'kudyera chinangwa chophika, mchere uli papepala. Sindinadyenso chinthu chokoma chotero, ngakhale zotsala za azungu zomwe ndinadzadya kuloji. Pobwerera tinadutsa pamiyala ija mumaiona chakumwera, abambo anazimitsa injini n'kuimba mluzu wautali wokhota kumapeto. Anaponya kansomba m'madzi. Nkhwazi inachoka pamtengo, inatsika molunjika, n'kukatola pafupi kwambiri moti mphepo ya mapiko ake ndinaimva pankhope. Iwo ankangochita zosewera, kusangalatsa mwana. Sankadziwa kuti pali anthu omwe angalipire kuti aone zimenezo.

Anamwalira ndi chifuwa ndili Fomu 2, temu yachiwiri. Apa ndinene zoona, chifukwa ndikabisa agogo anu enieni aChisale, amuna a achemwali anga, akuuzani okha. Palibe anandithamangitsa kusukulu. AChisale anandikhazika pansi n'kundiuza kuti boti tilibwereketse kwa asodzi, ndalama zake zizilipira fizi. Ndinakana. Anzanga a kunyanja anali ndi mafoni ndi nsapato zoyera, ine ndili ndi masamu omwe sankandilowa. Ndinati ndipume temu imodzi yokha, ndisonkhe kaye kangachepe. Cholakwa chimenecho ndi changa, sindichikankhira kwa mzungu kapena kwa munthu wina aliyense.

Loji inali itangomangidwa kumene. Mwini wake ndi mzungu yemwe uja, anthu amangomutcha aNdevu. Chichewa chake chinali cha mawu atatu: muli bwanji, pang'ono pang'ono, ndi zikomo. Tsiku lina alendo ake awiri anandipeza ndikukapa madzi m'boti, anapempha kuti ndiwayendetse panyanja. Ndinawatengera kumiyala, ndinaimba mluzu wa abambo, nkhwazi inabwera. Anakuwa ngati aona mngelo. Zomwe anandipatsa tsiku limenelo zinaposa zomwe ndinkapeza pa usipa wa sabata yonse. Patapita masiku aNdevu anandiitanitsa, anati azindipatsa alendo, ndalama tizigawana pakati.

Zaka ziwiri zimenezo zinali zokoma. Ndinafolera nyumba ya amayi ndi malata. Ndinagula foni ndi nsapato zoyera zija. Ndinayambanso kumwa, ndipo ndinkamwa monga munthu amene akuganiza kuti nkhwazi sidzatopa. Sindinasunge kanthu. Ichinso chilembeni kumbali yanga.

Kenako kunabwera Dani, mwana wa mlongo wawo wa aNdevu. Tinali a zaka zofanana. Dzuwa linamuwamba sabata yoyamba, khungu linasupuka, ana a m'mudzi ankamutsatira kufuna kuona ngati pansi pake patuluke munthu wakuda. Sanali munthu woipa, musamve molakwa. Ankandigawira fodya, ankanditcha achimwene, ankadya usipa ndi mitu yomwe. Tili awiri m'boti anandiuza yekha chomwe chinamubweretsa. Kwawo anamuchotsa sukulu chifukwa cha chamba, ndiye anagundanso galimoto ya mayi ake ataledzera. Makolo ake anamugulira tikiti ya ndege kuti abwere kwa malume ake adzaganize bwino za moyo wake.

Kudzaganiza. Ndinaseka mpaka boti linapendekeka. Ine nditasiya sukulu palibe ananditumiza kukaganiza. Mmawa wake ndinali kale m'madzi.

Mwezi usanathe Dani anali woyang'anira za maboti paloji. Maboti ake anali limodzi, langa lija. Ndinamuphunzitsa kuliza injini, kumanga chingwe, kuona pomwe pali miyala yobisika. Mluzu unamukanika, ankangotulutsa malovu. Koma alendo akafika ankalankhula ndi iye, kuseka ndi iye, ndipo pomaliza dzanja lopereka kenakake linkapita kwa iye, ine ndikumanga boti.

Injini inafa chaka chachitatu. Zipangizo zake zinali ku Lilongwe ndipo ine ndinalibe kanthu, pazifukwa zomwe ndanena kale. ANdevu analipira. Itakonzedwa anati pali nkhani yofunika, ndibwere ndi wamkulu wa kwathu akhale mboni. Ndinatenga aChisale chifukwa ali ndi jekete, ali ndi golosale, ndipo Chingerezi amachimva kuposa ine.

Anatikhazika pakhonde, pamipando ya nsungwi yokhala ndi mapilo. Kanali koyamba kukhala pamenepo, masiku onse ndinkaima pansi pa masitepe. Anabweretsa tiyi ndi mabisiketi. ANdevu analankhula nthawi yaitali, aChisale akungogwedeza mutu, kenako anandimasulira mwachidule. Akuti boti lonyamula alendo liyenera kukhala ndi mapepala ndi inshulansi, ndipo zimenezo zimatheka pa dzina la loji, osati la munthu wopanda ngakhale akaunti kubanki ngati ine. Ndiye loji igula boti. Achotsapo za injini, andipatsako zina pompo, zotsala pambuyo pake. Ine ndikhala woyendetsa wolandira pamwezi.

Sindinkafuna. Ndinkafuna kunena kuti za injini ndibweza pang'onopang'ono, koma boti silogulitsa, amayi sanamve n'komwe.

Tsopano mumvetse bwino apa, chifukwa moyo wanga unakhotera pa mawu amodzi. Inu mukudziwa kuti zikomo alipo awiri. Alipo wothokoza. Aliponso uja umanena pofuna kudutsa pakati pa akuluakulu, kapena pofuna kuti akupatse mpata ulankhule. Umati zikomo, n'kukhala chete, kudikira akuti nena. Umu ndi momwe amayi anatiphunzitsira, ndipo iwe Yohane makofi a nkhani imeneyi ukuwadziwa. Ndiye ndinasendera kutsogolo kwa mpando, ndinagwira manja pamodzi, n'kuweramitsa mutu.

“Zikomo bwana.”

Ndinadikira.

ANdevu anadzuka nkhope ili ngwee, mano onse pamtunda. “Zikomo kwambiri, zikomo kwambiri,” akugwedeza dzanja langa ndi manja awo onse awiri. Akazi awo anaomba m'manja. Dani anandimenya pamsana. Ndisanadziwe chomwe chikuchitika cholembera chinali m'dzanja langa, pepala lili patebulo pakati pa makapu.

Ndinayang'ana alamu. Iwo ankadziwa kuti ndanena zikomo uti. Mchewa aliyense akanadziwa. Anayang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche, kenako anandinong'oneza.

“Usatichititse manyazi, mlamu. Saina.”

Ndinasaina.

Ndakhala ndikuganiza za mphindi imeneyo zaka zonsezi ndikupalasa njinga. Pakamwa panali panga. Ayi ndi mawu aafupi, aNdevu akanawamva. Koma anthu atatu oyera anali ataimirira, akusekerera, akundithokoza, ndipo kuti ndiwauze kuti mwamva molakwa zinali ngati kutukwana m'tchalitchi. Mantha amenewo sindinawagule kumsika. Tili ana, azungu akamadutsa pagalimoto amayi ankati tipukute mamina, tiime bwino. Kusukulu wolankhula Chichewa m'kalasi ankalipitsidwa kapena kusesa. Palibe anandiuzapo kuti mzungu ndi woposa ine, koma mawondo anga anaphunzira okha.

Ndinagwira ntchito miyezi isanu ndi itatu ndili wantchito m'boti la abambo anga. Kiyi wa loko ya injini ankakhala m'thumba mwa Dani.

Linali tsiku la mu Julaye, nthawi ya mwera. Kunacha bata, nyanja ili see, koma chakumwera kunali kamzere kakuda pamadzi ndipo asodzi onse anali atakokera mabwato awo kumtunda. Abambo ankati ukaona kamzere kameneko usadikire kumva mphepo. Panali alendo anayi, bambo, mayi, mwana wawo wamkazi wa msinkhu wa Esime, ndi gogo wina wonenepa. Ndinauza Dani kuti lero ayi. Iye anali atamwa mabotolo awiri pa nkhomaliro. Anati alendo alipira kale, mawa akupita, ndipo ngati ndikuopa nditsale ayendetsa yekha. Ndinayang'ana kamwana kaja katavala jekete yoyandamitsa yomukulira, n'kukwera. Sindinakwere chifukwa cha ungwazi ayi. Ndinkaopanso kuchotsedwa ntchito.

Mwera unatipeza tili kuseri kwa miyala. Inu mwera mumauonera kumtunda, mukuthamangitsa zovala zomwe zauluka pachingwe. Pamadzi ndi chinthu china. Nyanja imada, mafunde amabwera atatu atatu, lachitatu lalitali kuposa denga la nyumba yathu. Ndinakuwa kuti andipatse chiwongolero, Dani anachigwiritsa, maso ali tong'o, sankandimvanso. Anakhotetsa boti chammbali, chinthu chomwe ndinamuuza tsiku loyamba kuti asadzachite. Funde linatinyamula n'kutikhazika pamwala. Ndinamva matabwa akung'ambika pansi pa mapazi anga. Phokoso limenelo limandidzutsabe.

Ndinagwira kamwana kaja pakolala. Kanandikanda nkhope, kanandikwera pamutu, ndinamwa madzi ochuluka moti ndinaganiza kuti basi, amayi akandipeza ku Chipoka nditatupa. Anatipulumutsa ndi asodzi a kwa Maganga omwe anaona tikupita ndipo anali atakhala kale tcheru, akudziwa chomwe chichitike. Anabwera ndi boti lalikulu. Palibe anafa. Boti la abambo linatuluka zidutswa masiku atatu otsatira, amayi a m'mudzi anatola kukasonkhera moto.

Apolisi atabwera anafunsa funso limodzi: woyendetsa boti pamapepala ndani? Ndinali ine. Ndinagona m'chitolokosi masiku awiri. Sindikuuzani zonse za m'menemo. Munali anthu ambiri kuposa malo, chidebe chimodzi pakona, ndipo fungo lake linakhala m'mphuno mwanga mpaka mvula itagwa. Ananditulutsa chifukwa bambo wa mwana uja anapita yekha kukanena kuti ndine ndinapulumutsa mwana wake ndipo sindinali pachiwongolero. Pamene ndinkatuluka Dani anali ali ku Lilongwe kudikira ndege. Anandisiyira magalasi ake a dzuwa ndi kakalata kakuti pepani achimwene.

Nditapita kuloji aNdevu sanandikhazike pakhonde. Anandipeza pageti. Anati nkhani yafalikira, alendo akuopa, sangandisungenso. Nditafunsa za ndalama zotsala za boti, nkhope inasintha. Anati ngati tiyambe kuwerengerana, iwonso ataya boti ndi injini, ndipo nkhani ikhoza kubwerera kupolisi. Atangoti polisi fungo lija linabwerera. Ndinatembenuka. Papita zaka zisanu ndi chimodzi, sindinadutsenso pageti limenelo.

Dani ndimamuona pafoni. Anabwerera kusukulu, anamaliza, amavala tayi, ali ndi mkazi ndi khanda. Pa Khirisimasi amanditumizira uthenga wakuti muli bwanji achimwene. Ine ndimapalasa kabaza kuchoka kwa Maganga kupita kuboma, kunyamula amayi a mpunga ndi matumba awo, msana ukulira ngati chitseko.

Nkhani imeneyi timakangana ndi aChisale chaka ndi chaka, pabenchi ya pagolosale pawo. Iwo amati vuto langa ndimafuna khungu lisenze milandu yanga yonse. Amandiwerengera pazala: anasiya sukulu ndani, ankamwa ndani, analephera kusunga ya injini ndani, anasaina ndani. Amati iwo anayamba ndi beseni limodzi la usipa, kukwera nalo sitima ku Chipoka, kugona pasiteshoni, ndipo palibe mzungu anawapatsa kapena kuwalanda kanthu. Amatinso ndiyang'ane mabwana akuda a ku Lilongwe omwe agula malo m'mbali mwa nyanja muno, mipanda yawo ndi yaitali kuposa ya aNdevu, alonda awo amawalipira mochedwa, ndipo moni sayankha. Amandikumbutsa kuti amayi atadwala, anawatengera kuchipatala pagalimoto ndi akazi a aNdevu.

Zonsezo n'zoona. Zimandinyansa, koma n'zoona, ndipo inu ana muzimve. Munthu wakuda mnzako akhoza kukufinya bwinobwino, ndipo mowa sunandithire m'kamwa ndi mzungu.

Koma ine ndimawauza kuti tiike zolakwa zanga apa, za Dani apo. Sukulu tonse tinasiya. Mowa tonse tinkamwa. Iye anaphwanya galimoto ndi boti, ine sindinaphwanyepo ngakhale nkhafi. Nanga bwanji wina ali ndi tayi, wina ali ndi zigamba pamatako? Iye akagwa pansi pamakhala matiresi, ndipo akadzuka amapeza ena amuyalira kale. Ife timaloledwa kulakwa kamodzi kokha. Nditachotsedwa ntchito ndinapita kukapempha ngongole yogulira bwato laling'ono, anandifunsa chikole. Ndinatchula munda wa amayi, anati ulibe pepala. Malo omwe pali loji, pomwe makolo athu anayanika usipa zaka zosawerengeka, anapeza pepala mwezi womwe mzungu anawafuna.

Mwezi wathawu tinakangananso, chifukwa cha iwe Tadala. AChisale akuti palibe choipa, ugwire chaka chimodzi, usunge ndalama, udzabwerere kusukulu. Akuti golosale sikuyenda, sangathe kulipirira adzukulu onse, ndipo ntchito sinaphepo munthu. Ndinawauza kuti inenso ndinati temu imodzi. Anayamba kundiwerengeranso pazala. Ndinapsa mtima, ndinafunsa chomwe ndinali ndisanafunsepo zaka zonsezi.

“Alamu, tsiku lija pakhonde munamva zikomo uti?”

Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta sikelo yomwe inali yoyera kale. Ndinaganiza kuti sayankha.

“Ndinamva,” anatero. “Koma nanenso mawondo ankagundana, mlamu. Jekete ija inangobisa.”

Ndinkaganiza kuti akadzavomera ndidzasangalala. M'malo mwake ndinachita mantha kuposa kale. Munthu wa imvi, dikoni wa mpingo, amene amabweza katundu wa mwenye ku Salima akakhala wowola, ananjenjemera chifukwa cha tiyi wa pakhonde. Nanga iwe wa zaka 16, utanyamula thireyi, Chingerezi chako cha Fomu 2, mlendo woledzera atakugwira dzanja n'kumaseka, udzanena chiyani? Ndikudziwa chomwe udzanene. Tinakulera bwino, udzanena mwaulemu, ndipo adzamva zomwe akufuna kumva. Atsikana atatu a m'mudzi muno analowa pageti limenelo kuti agwire chaka chimodzi. Ukuwadziwa. Ndiuze yemwe anavalanso yunifomu.

Sindikunena kuti sukulu idzakusandutsa mzungu. Alipo a Fomu 4 omwe timapalasa nawo kabaza. Koma Lachitatu lapitali unaona wekha chomwe inachita. Ndinatulutsa pepala lija m'chikwama cha abambo, lomwe ndakhala ndikulisunga mupulasitiki osalimvetsa, ndinati undiwerengere. Zinakutengera nthawi yochepa kuposa kusenda chinangwa. Unati palembedwa kuti ndalama zotsala adzandipatsa pasanathe miyezi khumi ndi iwiri. Unati kuyambira tsiku losaina boti ndi la loji, ndipo chilichonse chochitikira boti ndi cha loji. Palibe pomwe palembedwa kuti likasweka ndilipire ndine. Ndinati ubwerezenso, unabwereza. Kenako unandiyang'ana ndi maso a mayi ako aja.

“Ndiye agogo, zaka zonsezi mwangokhala?”

Unaseka, sunadziwe kuti wandibaya. Inde, ndangokhala. Ankandiopseza ndi mlandu womwe kulibe, ndipo pepala lonena zimenezo linali m'chikwama pansi pa mphasa yanga. Wina aliyense wodziwa kuwerenga akanandiuza, koma ndinkachita manyazi kulionetsa, ndipo kwa alamu sindikanapita nalo.

Dzulo ndinayesa. Ndinavala malaya oyera, ndinapalasa mpaka pageti. Mlonda wake ndi Mavuto, tinali kalasi imodzi. Anandilonjera bwino, anafunsa chomwe ndabwerera. Ndikuti nditsegule pakamwa ndinamva mawu a aNdevu mkatimo, akuitana galu. Anali mawu wamba, a munthu wokalamba. Ndinafunsa Mavuto ngati ali ndi pampu ya njinga. Anayang'ana matayala anga, onse awiri olimba, ndipo anati alibe. Ndinabwerera.

Mwaona agogo anu. Pabenchi ya golosale ndimalankhula ngati loya.

Ndiye Tadala, ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo sindizolowera kupempha. Lolemba kuloji upitadi, koma siketi yakuda yomwe wabwereka kwa Agnesi ija umubwezere. Uvale yunifomu. Ndidzakutenga panjinga mmawa, tikalowa pageti lakutsogolo, osati kakhomo ka kukhitchini komwe anakuuza. Tikapita kuofesi. Pepala ukanyamule ndiwe, ukawerenge mokweza ndime ziwiri zija monga unandiwerengera ine. Akapereka, fizi yako yakwana mpaka Fomu 4, ya Yohane ikhalapo, ndipo ine sindikhudzapo ngakhale ya botolo limodzi, mayi ako asunge ndiwo. Akakana tikafunsa kuboma komwe nkhani zotere zimapita, ndipo aChisale akavala jekete yawo ija n'kukanena zomwe anamva. Akaitana apolisi, usalire ndipo usanditsatire. Utenge njinga upite nayo kwa mayi ako, aibwereketse kwa anyamata a kabaza, zomwe izibweretsa zizipita kusukulu. Zivute zitani, tikachoka kumeneko iwe ukukalowa m'kalasi, ngakhale mochedwa. Chibalo cha kuchedwa ndikalima ndine.

Sindikudziwa ngati aNdevu akatimvere. Mwina akaseka. Mwina akanena kuti papita nthawi. Chomwe ndikudziwa ndi mawondo angawa, ndipo ndikukuuziratu kuti usadzadabwe. Tikakalowa ndikhoza kuyamba bwino, kenako mawu n'kundithera pakati. Ukaona ndaweramitsa mutu, manja ndagwira pamodzi, usandidikire ndipo usayang'ane pansi. Uwayang'ane kumaso unene ndiwe. Ndalama zotsalazo ndi K640,000.